Dzina la ba Hamoonga linatsala lokha

Inu owerenga, ine ndinafafaniza mawu a munthu amene anali atamwalira kale, ndipo ndinachita zimenezi masanasana, ndikuimba mluzu.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinkagwira ntchito pa loji ina ya mumsewu wa Nakatindi ku Livingstone. Ntchito yanga inali kunyamula zikwama za alendo, koma ndinali ndi nthenda yowerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira kapenta. Mlendo wina anaiwala buku la chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta chotchedwa C. Ndinalidya bukulo mpaka anzanga anayamba kunditcha ba Profesa, ine wopusa n'kumavomera. Abwana nawo anandisiyira kompyuta ya mu ofesi, imene munthu wa ku Lusaka anaibweretsa ili ndi zonse zofunika polemba C.

M'kompyutamo munali fayilo ina yotchedwa HAMOONGA. Ba Hamoonga ankayendetsa bwato la alendo pa Zambezi. Zaka zingapo m'mbuyomo, abwana anawajambula mawu akuimba nyimbo ya Chitonga, pongoyesa maikolofoni yatsopano. Patapita miyezi, bwato linagubuduzika kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo thupi lawo silinapezeke. Manda kunalibe, chithunzi kunalibe. Chotsala chinali fayiloyo.

Akazi awo, bina Choolwe, ankachapa zovala pa lojipo. Akaweruka ankaima pakhomo pa ofesi akupukuta manja pachitenje, ine n'kudziwa chochita, n'kutsekula fayilo ija. Ba Hamoonga ankayamba ndi kutsokomola, kuseka pang'ono, kenako kuimba. Mayiwo sankakhala pansi, sankaliranso. Nyimbo ikatha ankangothokoza n'kumapita. Tsiku lina anandiuza kuti sukulu akatsekera adzabweretsa mwana wawo Choolwe kuchokera kumudzi ku Simonga. Mwanayo anali wakhanda pamene bambo ake ankamira, sankawadziwa mawu.

Apa m'pamene uprofesa unandikwera. Ndinafuna kuti mwanayo adzapeze m'kompyuta muli mwadongosolo, ngati kuti iye zikanamukhudza. Ndinalemba pulogalamu yokopera mafayilo, kuchotsa m'foda ina kupititsa m'foda ina. Koma mu C, ukatsekula fayilo kuti ulembemo mwatsopano, zonse zimene zinalimo zimayamba zakhuthulidwa. Buku linanena zimenezi, ndipo ndinadula mzere pansi pake ndi bolopeni. Chimene sindinaganize n'chakuti kochokera ndi kopita kungakhale kumodzi. Fayilo ya ba Hamoonga inali kale m'foda imene ndinkaitumizako. Pulogalamu yanga inaitsekula kuti ilembemo, n'kuikhuthula, kenako inapita kukawerenga momwemo, osapezamo kanthu. Pamapeto inalemba mawu amene ndinaiphunzitsa ndekha: “Zatheka, ba Profesa.”

Dzina linalipo. Pambali pake, posonyeza kukula kwa fayilo, panali ziro.

Mantha anandiwonjezera uchitsiru. Ndinalemba mapulogalamu ena ofufuzira, kusunga ichi, kukopera icho. Munthu wa ku Lusaka uja atabwera anandiuza kuti ndikanangozimitsa kompyuta nthawi yomweyo, mwina mawuwo akanawatola, chifukwa anali akadali pa disiki. Kufufuza kwangako n'kumene kunalemba pamwamba pake. Anafunsa ngati ndinasungako pa madisiketi. Madisiketi analipo bokosi lathunthu, pafupi ndi chigongono changa.

Bina Choolwe anabwera ndi mwana atamuveka diresi la kutchalitchi. Ndinafotokoza zonse, za foda, za kukhuthula, ngati kuti mawu ambiri akanathandiza. Anandimvetsera mpaka ndinatha.

“Manje zina yao ilipo?” anafunsa.

Ndinati lilipo.

“Muonetseni mwana. Musaicotse, ba Profesa.”

Choolwe anayandikira, n'kuwerenga zilembozo chimodzichimodzi, chala chili pagalasi. Kenako anatembenukira kwa amayi ake kudikira kuti nyimbo iyambe. Mayiwo anamugwira dzanja natuluka. Sanandikalipire tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ankandipatsa moni bwinobwino, koma pakhomo pa ofesi sanaimenso.

Nyimboyo ndinaimva kosawerengeka, koma Chitonga changa n'chogulira tomato basi, ndipo maimbidwe ake anandithawa. Chimene chinatsala m'mutu mwanga ndi kutsokomola kuja. Madzi akadzaza, mkokomo wa mathithi n'kumamveka mpaka m'tauni, ndimamva munthu akukonza kukhosi kuti ayambe kuimba. Ndimadikira, koma sayamba.

Inu owerenga, makamaka odziphunzitsa nokha ngati ine, kompyuta simadziwa kuti fayilo iyi ndi mndandanda wa sopo, iyi ndi bambo wa mwana. Pulogalamu yanu isanalembe paliponse, ione kaye ngati palibe chimene chilipo kale. Iyeseni pa zinthu zosadandaulitsa. Chimene chili chimodzi chokha, chisungeni pawiri musanachikhudze. Ndipo mukaona ziro pamene panali kanthu, chotsani manja, zimitsani, mukaitane wodziwa. Ine sindinatero, ndipo mtsinje unali utasiyako mawu, ine n'kudzamalizitsa.