Tsitsi la Pamsana pa Mwana Wanga

Mwana wanga wachitatu, mtsikana, anabadwa ndi katsitsi kumunsi kwa msana, pakhungu lotupa pang'ono, lofewa ngati papaya lakupsa. Kwathu ku Ndake anthu salekerera chinthu chotere, akanamupatsa dzina loti akalambe nalo. Choncho ndinagula lezala n'kumamumeta Loweruka lililonse. Ngakhale bambo ake anaiwala kuti kalipo.

Ali giredi 3, zaka zimene zipani zinachuluka ndipo zovala zakale za salaula zinadzaza msika wa Nyimba, phazi lake lamanzere linayamba kupindika. Ankapunthwa pabwalo poyera. Kenako anayamba kudzikodzera m'kalasi, ndipo ndinamukalipira, sindibisa.

Kuchipatala tinapita kanayi m'zaka ziwiri. Ine sindipita kwa adokotala ngati wochokera kumunda wa thonje. Ndinkamusambitsa, kumumeta pamsana mpaka see, n'kumuveka diresi lake labwino. Akafunsa chavuta n'chiyani, ndinkaloza phazi, iwonso n'kupima phazi. Ndinkabwerako ndikunyoza madokotala njira yonse.

Anandigwira ndi mayi woyandikana nafe, wa ku Mozambique, amene anatsala kuno anzake atabwerera kwawo nkhondo itatha. Anandipeza lezala ili m'manja.

"Amai, mubisila ndani?" anatero. "Adokotala si apongozi anu. Lekani aone."

Ndinamukwiyira sabata yathunthu, koma tsitsilo ndinalisiya.

Ulendo wachisanu ndinakweza ndekha diresi lake. Dokotala anayang'ana, anakhudza, n'kulemba kalata yotitumiza ku Lusaka. Kumeneko anamubaya mankhwala mumsana kuti chithunzi chioneke bwino. Anapeza chotupa cha mafuta m'kati mwa msana, chomatirira pa mtsempha waukulu wopita kumiyendo. Si khansa, anatero dokotala wa kumeneko, ndipo sachiona kawirikawiri. Opaleshoni ingaletse kuti vutolo lisapitirire, koma mitsempha imene yafa kale sidzuka.

"Tsitsi ili linayamba liti?" anandifunsa.

"Anabadwa nalo."

Sanandidzudzule, ndipo ndikanakonda akanatero.

Opaleshoni inapulumutsa mwendo wamanja. Wamanzere amaukoka mpaka lero, ngakhale ndi mayi wa ana awiri. Tili m'basi yobwerera, titawoloka Luangwa, anandifunsa ali chiyang'anire pawindo.

"Amama, sembe tinabwela kudala, sembe niyenda bwino?"

Ndinamuyankha kuti sindikudziwa ngati akanayenda bwino tikanabwera msanga. Linali yankho loona, pakuti dokotala nayenso anakana kulumbira. Koma iye anangogwedeza mutu n'kutsamira paphewa langa, ndipo sanandifunsenso mpaka lero.