Tsiku Lomwe Asibweni Anatchaja Foni ku Kampu

Lettie Msiska anakulira ku Ching'ambo, m'nyumba imene chinthu chilichonse chinali cha aliyense. Simbi ya makala inkatuluka Lolemba n'kubwera Lachinayi ili ndi chogwirira china. Wilibala inakhalitsa kwa oyandikana nawo mpaka eni ake anayamba kuchita kukaibwereka mwaulemu. Mayi ake ankati kupatsa n'kuika, ndipo Lettie sankatsutsa, kungoti zambiri zimene ankaikazo sizinkabwerako.

Bambo ake atamwalira, amene anamulera ndi a Misheck, mlongo wawo wa mayi ake, omwe iye ankawatchula kuti asibweni monga amachitira aliyense kumpoto kuno. A Misheck anali sajeni wopuma. Anagwira usilikali zaka makumi atatu, ndipo ankayendabe ngati pali wina amene akuwawerengera mapazi. Ndiwo anamuperekeza ku yunivesite tsiku loyamba atanyamula sutikesi paphewa, m'zaka zija Mzuzu ankakula moti munthu akapita kumudzi mwezi umodzi ankapeza nyumba za ana asukulu zitamera pomwe anasiya chimanga. Lettie anaphunzira za makompyuta. Atamaliza anapeza ntchito ku kampu ina ya asilikali, osati ya mfuti ayi, koma yoyang'anira kachipinda kamodzi kopanda windo.

Ntchitoyo inali yosavuta kuifotokoza, kungoti panalibe wofuna kuimva. Mauthenga a asilikali, mapu, ndi mayina a omwe atumizidwa kunja kukasungitsa mtendere sizinkasungidwa m'makompyuta a pakampupo. Zinkakhala m'makina akuluakulu akutali, omwe odziwa amawatcha kilaudi, ndipo kachipinda ka Lettie ndiko kanali khomo lolowera kumeneko. N'chifukwa chake munalibe kulowa foni, fulashi, kapena chingwe chachilendo. Vayirasi, matenda aja a pakompyuta, ikanangodutsa pakhomo limenelo ikanatha kufika kulikonse. Tsiku losayina, a ku likulu anamuuza osapsatira kuti chinthu chachilendo chikadzangolumikizidwa makina awo adzadziwa nthawi yomweyo, woyankha adzakhala iye, ndipo ntchito idzathera pomwepo.

Tsono kachipindako kanali ndi sola ndi mabatire akeake, moti magetsi sankazimamo. Amene anakonza zimenezo ankaganiza za chitetezo cha dziko. Sanaganizeko za anthu a ku Mzuzu ndi mafoni awo.

Magetsi akangothima mumzinda, pakhomo pa Lettie pankasanduka pachigayo. Ankabwera asilikali, akazi awo, ophika, ngakhale abusa a pakampupo, aliyense foni ili m'manja, chingwe chikulendewera. Onse ankayamba ndi moni wautali, kufunsa za kunyumba, za mayi, za mvula, kenaka n'kufika pamutu wa nkhani: kamphindi chabe, mwana wakwithu. Lettie ankafotokoza za vayirasi. Iwo ankagwedeza mutu momvetsa, n'kuyankha kuti foni yawo ndi yaukhondo, amaipukuta tsiku lililonse.

Anayesa zonse. Anamata chikwangwani cha zilankhulo zitatu, wina n'kulembapo nambala ya munthu wogulitsa nkhuku. Anakoka chingwe cha magetsi n'kuika malo otchajira pakhonde, patali ndi makompyuta, kuti anthu asamavutike. Pasanathe sabata anapezapo ketulo, makina ometera ndi simbi, zonse zili pantchito, mpaka chingwecho chinanyeka. Atatopa nazo anagula guluu n'kutseka timabowo tonse tolowetsera zingwe m'makompyutawo. Anasiya kamodzi kokha, kolowetsa kiyi wake, kachitsulo kakang'ono ngati chala komwe kankauza makina a ku likulu kuti amene wakhala pampandopo ndi Lettie.

Mbiri inafika ku Ching'ambo iye asanafike. Ankati mwana wa NyaMhango wauma manja, akukaniza anthu magetsi omwe si akenso. Mayi ake anachita manyazi kumvano moti anamufunsa ngati kuyunivesite kuja kunali phunziro la umbombo. Lettie zinkamupweteka, ndipo zinkamukwiyitsa koposa chifukwa omwe ankamunenawo ndi omwe ana awo anali pamndandanda womwe iye ankaulondera.

A Misheck sanali m'gulu la opemphawo. Iwo ankalima kabichi ndi tomato kudimba kwawo ku Msongwe, ndipo Lachiwiri lililonse ankabweretsa ndiwozo kukhitchini ya pakampu. Ndizo zinkawadyetsa. Pageti sankafunsidwa chiphaso. Theka la asilikali a pamenepo anadutsa m'manja mwawo, ndipo ankaima njo a Misheck akamadutsa ndi njinga yawo ya madengu.

Chaka china mu Epulo, mvula ija ya ku Mzuzu yosadziwa kuleka inagwetsera mtengo pamawaya, magetsi n'kusowa masiku atatu. Tsiku lachitatulo linali Lachiwiri. Cha m'ma leveni Lettie anaitanidwa ku ofesi ya a Meja, mkulu woyang'anira za mauthenga, kuti akaone makina osindikizira omwe anakana kugwira ntchito. Anati n'zakamphindi. Anasiya kiyi wake ali m'kompyuta, chinthu chomwe iye mwini ankaletsa ena, n'kuuza Kopolo Fiskani, yemwe ankalondera pakhomo, kuti asalowe munthu.

Sipanathe mphindi khumi foni ya patebulo la a Meja inalira. A Meja anamvetsera, nkhope ikusintha, kenaka anamuyang'ana Lettie n'kunena kuti a ku likulu adula kampu yonse panetiweki chifukwa pali chinthu chachilendo chalowa m'kompyuta yake. Lettie anathamanga osaona matope.

Anapeza a Misheck atakhala pampando wake, chipewa chili pabondo. Kiyi uja anali atamuzula n'kumuika bwinobwino pakampango koyera kuti asade. M'malo mwake munali chingwe cha foni yawo yakale, ija ankapita nayo kumsika kuti anyamata a m'timashopu awaikiremo nyimbo za kwaya, foni yomwe inalowapo m'kompyuta iliyonse yodwala ya mumzinda muno. Kopolo Fiskani anali chiimire pakhomo, maso ali kudenga.

Lettie anazula chingwecho.

"Asibweni, mwachita chiyani?"

"Ndangotchaja basi. Msuweni wako Rachael ali kuchipatala chiyambire dzulo, nthawi yake yakwana, ndiye foni yazima. Magetsi ako ndawamaliza kodi?"

"Mukanandiuza. Ndikanakutchajirani kwina."

A Misheck anamuyang'ana modabwa zenizeni. "Ndikupemphe iwe? Pakhomo pa mwana wanga?"

Apa ndi pomwe Lettie anasowa pogwira. Akanakhala wakuba kapena kazitape, bwenzi zili zosavuta. Koma uyu anali munthu amene moyo wake wonse sanaodirepo pakhomo pa mwana wa mlongo wake, ndipo sankaona chifukwa choyambira lero. Atamufunsa Fiskani chomwe anawalolera, kopoloyo anayankha motsitsa kuti munthu amene anakuphunzitsa kumanga nsapato za usilikali sungamuimike pakhomo. Lettie anafuna kukuwa, koma akanakuwira ndani?

Masana omwewo a Meja anamupatsa pepala la lipoti. Mafunso anali atatu: analumikiza ndani, analowa bwanji, ndipo kiyi anali kuti. Anamuuza mosabisa kuti akalemba kuti sakudziwa, a ku likulu adzati mwina ndi iye yemwe, ndipo Lachisanu silimupeza pantchito. Akalemba dzina, mwini dzinayo sadzapondanso pakampupo. A Mejawo nawonso ankawalemekeza a Misheck, moti polankhula ankayang'ana pawindo.

Nkhani inali itafika kale kunyumba, poti nkhani siidikira magetsi. Mayi ake anabwera okha pageti ndi ambulera, n'kumukumbutsa kuti chibale n'fupa sichiola, ntchito zimabwera n'kupita. Anati alembe kuti chinali chingwe chongogwera. Lettie anafunsa ngati anaonapo chingwe chozula kiyi n'kumuyalira kampango. Mayiwo sanaseke. Anangoti munthu amene anakunyamulira sutikesi sumulemba papepala la boma.

Anakhala ndi pepalalo ola lathunthu. Anakwiyira asibweni ake, anakwiyira Fiskani, anakwiyira mvula, ndipo koposa onse anadzikwiyira yekha chifukwa cha kiyi uja. Ankadziwanso kuti akanama lero, mawa adzalowa wina amene sakudikira uthenga wa mdzukulu, ndipo Fiskani wina adzaimanso njo. Analemba zonse monga zinachitikira. Dzina loyamba palipotilo linali lake, lachiwiri la Fiskani, lachitatu la a Misheck Mhango, sajeni wopuma.

Akatswiri a ku likulu anabwera n'kutenga foni ija. Anapezamo mavayirasi awiri, koma mwamwayi anali asanadutse, chifukwa netiweki inadulidwa msanga. Lettie analandira kalata ya chenjezo lomaliza, ntchito n'kutsala. Fiskani anapatsidwa chilango chake. A Misheck anabwera Lachiwiri lotsatira ndi madengu awo monga mwa masiku onse, ndipo msilikali wa pageti, yemwe iwo anamuphunzitsa kuguba, anawauza akugwetsa nkhope kuti dzina lawo lili pamndandanda wa osaloledwa. Ndiwo za kukhitchini zinayamba kugulidwa kwa munthu wina wa ku Mzilawaingwe.

Anthu anasiya kubwera ndi mafoni pakhomo pa Lettie. Zimene zinakanika ndi chikwangwani komanso guluu zinatheka tsiku limodzi, ndipo iye sanakondwere nazo ngakhale pang'ono.

Patapita milungu itatu, Loweruka m'mawa, anakwera kabaza kupita ku Msongwe. Rachael anali atabereka mwana wamkazi ndipo anali kwa makolo ake. Lettie anatenga nsalu ya khanda, sopo, ndi pawa banki yatsopano, kabatire kaja kotchajira foni magetsi akazima. Kudimba anaona kabichi atang'ambika m'mizere posowa wogula.

A Misheck anamulandira bwino kwambiri, ndipo n'zimene zinamuopsa. Anatulutsa mpando wa alendo n'kuuika pansi pa mtengo wa mapeyala, iwo n'kukhala pakachitsa. Chiyambire ali mwana ankamuyankhula Chitumbuka, koma tsiku limenelo anamulonjera m'Chichewa cha ku ofesi, n'kufunsa ngati ntchito ikuyenda. Lettie anagwada n'kupepesa. Anafotokoza za lamulo, za likulu, za kiyi wake yemwe. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto osamudula.

"Munachita bwino," anatero. "Inenso ndikanakhala pantchito ndikanalemba chimodzimodzi. Lamulo ndi lamulo."

Mtima wa Lettie unakhala pansi, ndipo anapereka mphatso zija. Nsalu ndi sopo anazilandira ndi manja awiri, n'kuitana akazi awo kuti azilowetse. Pawa banki anaitembenuza uku ndi uku, kenaka anaibweza m'manja mwake.

"Zikomo kwambiri, koma iyi tengani. Ndingadzalowetsenso polakwika."

M'nyumba khanda linayamba kulira, ndipo Lettie anamva mawu a Rachael akulitonthoza. Anadzuka mosaganiza n'kulunjika pakhomo, monga ankachitira zaka zonse. A Misheck nawonso anadzuka, osafulumira, n'kuima pakati pa iye ndi chitseko.

"Mwana sanayambe kuonedwa ndi alendo," anatero. "Tidzakuuzani."

Anamuperekeza mpaka pamsewu, anamuimikira kabaza, n'kubwerera kudimba osacheuka.