Mikangala Yotsitsidwa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 8, ndikukhala ndi agogo anga akazi pafupi ndi Nkhamenya. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, choncho pakhomo tinalipo awiri okha. Sindinkayankhula kwambiri, ndinkangoona.

Panjira yopita kusukulu panali nyumba ya esiteti ya fodya yosiyidwa kalekale, mawindo osweka, mkati mukununkha mileme. Aphunzitsi athu a Chichewa, Mayi Nyirenda, atatiuza kuti tilembe nthano yoopsa, ndinalemba za nyumba imeneyi. Mzukwa ndinaubisa mpaka mzere womaliza, ndikuganiza kuti ndachenjera.

"Wandidzidzimutsa, koma sunandiopse," anatero pondibwezera kope. "Chitseko chimene chidzatseguke kumapeto chiyambe kulira patsamba loyamba. Wowerenga azimva kuti kukubwera chinthu, koma asadziwe kuti n'chiyani."

Masana amenewo ndinapeza agogo m'chigafa chathu choumitsira fodya. Munali fungo la masamba ofota. Anali kumasula mikangala, mitengo yopachikapo fodya ija, n'kumaimanganso m'munsi, molingana ndi mapewa anga.

"Agogo, mukutsitsiranji?"

"Msana, mwanawe."

"Koma ndinu wamtali. Muziwerama kwambiri tsopano."

Anandiyang'ana, luzi lili kukamwa. "Maso akowo adzakukalambitsa msanga. Tapachika fodyayu ndione."

Ndinapachika osakwera pampando, iwo anangogwedeza mutu. Apa mpamene ndinayamba kukumbukira zina. Mwezi wapitawo anandiyendetsa m'malire a munda wonse, kundionetsa chulu ndi mtengo wa muwanga. Nsalu yawo ya Mvano anaichapa n'kuiika pamwamba m'sutikesi, osati pansi monga kale. Ndinachita mantha amene nyumba ya esiteti ija sinandipatsepo, ndipo ndinalibe woti ndimuuze.

Anamwalira mvula ya chaka chotsatira ili mkati, fodya asanakhwime. Anthu a maliro atabalalika, malume anafuna kudula munda, koma malire ndinkawadziwa mpaka pachulu. Masamba atakhwima ndinathyola, ndinasoka, ndinalowa m'chigafa ndekha. Mkangala uliwonse unali pofikira dzanja langa.

Lero ndikamawerenga nkhani zoopsa ndimafufuza chitseko chija patsamba loyamba. Kale ndinkayesa kuti mlembi amachenjeza pofuna kuzunza wowerenga. Tsopano ndikudziwa kuti nthawi zina amachenjeza chifukwa sangathe kunena poyera kuti akupita, koma safuna kuti wotsalayo adzalephere kufikira.