Chogwirira Chimene Chinaguluka

A Sichiguluka anayamba kuwotcherera zitsulo kuseri kwa msika tsitsi lawo likadali bii. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa chimene iwo alumikiza sichiguluka. Tsiku lina anawotcherera geti mpaka mwini nyumba ankalowa kwawo podumpha mpanda, koma iwo nkhaniyi amaikamba monyadira.

Mwana ali naye mmodzi yekha, wamkazi, ndipo ndi amene anawazunguza mutu. Anaphunzira za mlengalenga, kenako n'kupeza ntchito kunsonga kwa dziko, kumadzi oundana.

"Ukukatani kumeneko, mwanawe?" anafunsa bambowo, magalasi akuda ali pachipumi.

"Dzikoli lili ndi maginito ake, bambo. Dzuwa nalo limapemerera mphepo yokhala ndi maginito. Ziwirizi zikakumana, mizere ya maginito imaduka n'kulumikizana mwatsopano, mphamvu n'kutsikira kunsongako, kumwamba n'kuyaka mobiriwira. Ndikukayeza zimenezo."

"Imaduka kangati?"

"Pafupipafupi."

"Aa! Ntchito yachinyengo imeneyo. Anawotcherera ndani?"

Kuyambira pamenepo mkuluyu anadana ndi dzuwa. Ankati akavala magalasi aja n'kuliyang'ana, kupukusa mutu ngati waona mmisiri woledzera. Aliyense wobwera ndi wilibala yothyoka ankayamba wamva kaye kuti kumwamba kulibe amisiri. Anafika pouza mwana wawo kuti mabwana akewo angopeza makwerero aatali, iwo akamata mizere ija mwaulere, ulendowo n'kuthera pomwepo. Anthu ankaseka, koma zoona zake n'zakuti a Sichiguluka ankaopa kutsala okha m'nyumba.

Ulendo utayandikira, mwana uja anabweretsa bokosi lake lachitsulo kuti amuikire chogwirira. Bambowo anamutuma kukagula fodya, chonsecho sasuta, ndipo anagwira ntchitoyo atatseka chitseko.

Pa depoti, kondakitala atangoti anyamule bokosilo, chogwirira chija phwa! n'kumutsalira m'manja. Mwanayo anachitenga n'kuchitembenuza. Panali kadontho kamodzi kokha ka chitsulo, kochepa ngati kambewu ka tomato.

"Bambo, chaguluka."

"Si paja unati zinthu zimaduka n'kulumikizananso?" anayankha a Sichiguluka, maso ali kumatayala a basi. "Udzabwere nalo kuno ndidzakonze. Wina aliyense asalikhudze."

Mwanayo anaika chogwiriracho m'thumba la malaya a bambo ake, n'kukwera basi atakumbatira bokosi lija.