Phazi Langa Pansi pa Mphasa

Loweruka lina m'mwezi wa Juni amayi anandiuza kuti ndizire pabalaza, chifukwa mawa lake kunkabwera ankhoswe a mnyamata wofuna kukwatira achemwali anga. Kanali koyamba kundisiyira ndekha ntchito imeneyi, ndipo ndinakondwa ngati ndakhoza mayeso a Fomu 2.

Mtsiro wakuda ndinakaukumba kudambo m'mamawa, nkhungu isanachoke m'mapiri a Ntchisi. Madzi ankazizira mpaka zala kuchita dzanzi, koma ine ndinkangozira uku ndikuimba. Poweramuka ndinapezeka ndili pakona, khomo lili uko, pakati ponse pali ponyowa. Ndinali nditayambira kukhomo!

"Achemwali, ndithandizeni!"

Anasuzumira pawindo n'kufa nako kuseka. "Asukuluwa! Khalani pomwepo mpaka paume."

"Chisanu chimenechi? Ndiye ndituluka Lachiwiri!"

Nanenso ndinaseka mpaka misozi. Kenaka ndinatuluka chambuyo, ndikufafaniza mapazi anga limodzilimodzi ndi chikhatho. Nditafika pakhomo ndinaona kuti limodzi latsala pakatikati, zala zonse zisanu zikuoneka bwinobwino. Ndinaganiza kuti alendo akatiyesa alesi.

M'mawa mwake, mbaula itathandiza kuumitsa, amayi analiona phazilo. Anandiyang'ana, n'kuyala mphasa pamwamba pake. Nkhoswe wamkulu anakhala pomwepo ndithu. Ndikuwapatsa madzi chogwada, anasisita pansi ndi dzanja nati, "Pakhomo pano pali odziwa kuzira."

Achemwali ankamvetsera kuseri kwa chitseko. Tinathamangira limodzi kuseri kwa nkhokwe, titagwira pakamwa, kukamalizira kuseka kumeneko.