Rauta ya Azakhali Pachulu

"Chinthu cha ku Joni sichigona poyera!" Amenewo ndi mawu a azakhali anga a Tinenenji. Ndikamawayerekeza pasiteji pa Lirangwe, manja m'chiuno, mlomo nditaukweza chonchi, akabaza amaseka mpaka kugwira m'mimba.

Azakhali anayamba kugulitsa zitumbuwa pasitejipo ine ndisanabadwe. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Doreen, anakwatiwa ku Joni. Doreenyo atachira, anatumiza rauta, kabokosi kokokera intaneti, pa basi kuti tsiku lotuluka m'chikuta amayi ake amuone mwanayo pa vidiyo, amutchenso dzina. Anawauziratu kuti akapanda kuoneka, apongozi ake a kumeneko atcha lawo. Azakhali anati zimenezo zidzachitika iwo ali kumanda.

Simu khadi analowetsa okha, waya analumikiza ku batire la sola okha, osafunsa munthu. Kenako rautayo anaikulunga m'chitenje n'kuitsekera m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi, momwe mumakhala suti ya malemu, ati kuopa akuba ndi fumbi. Waya yekha ndi amene ankasuzumira panja. Foni ndiye osagwira kanthu. Ndinawauza kuti chinthucho chimafuna mpweya, anandiyankha kuti si mbuzi.

Tsiku litafika, Doreen anatumiza uthenga woti apongozi afika kale, akungodikira tiyi. Azakhali anatsegula bokosi, anapeza kanyali ka rauta kakuyaka kofiira. Ndiye kuti netiweki panalibe. Kwathu aliyense amadziwa kuti netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa khola la aneba athu a Godwin. Basi anapinda nkhata, batire m'beseni, rauta pamwamba pake, n'kusenza ngati akupita kukagulitsa.

Atakwera chulucho, ine ndili pansi ndinawauza kuti kanyali kasanduka kobiriwira. Anaima njo, beseni pamutu, foni m'manja, khosi osagwedeza ngakhale ndege yopita ku Chileka inadutsa pamwamba pawo. Nkhope ya khanda itangooneka, apongozi aja asanaike n'komwe kapu pansi, azakhali anati: "Ameneyo ndi Yamiko. Mwamva, asewere?"

Potsika ndinawafunsa kuti, "Nanga azakhali, chinthu cha ku Joni chija lero chigona pachulu?"

"Chigona m'bokosi mwake. Chulu sichisamuka, ndipo mutuwu ndikadali nawo."