Vuvuzela ya a Laimoni Pakhutu

Aliyense wa pa Zalewa amene anaonerapo mpira pa bwalo la kuseri kwa msika amawadziwa a Laimoni. Ntchito yawo ndi yomata matayala a njinga, koma chinawatchukitsa ndi vuvuzela yofiira imene anagula mu 2010. Timu yathu ikagoletsa, ankaliza. Ikagoletsedwa ankalizabe, ati kuti anyamata asagwe ulesi. Ife oima nawo pafupi tinkabwerera kunyumba makutu akulira okha.

Lipengalo linawapwetekanso eni ake. Pofika chaka chatha, munthu unkachita kukuwa kuti akumve. Iwo ankangogwedeza mutu n'kumwetulira, poti kuvomera kuti makutu afooka ankachita nako manyazi. A Laimoni anawaletseratu akazi awo, a Mailesi, kuuza munthu aliyense.

Amene zinamupweteka kwambiri ndi Ethel, mwana wawo yekhayo, yemwe anapita kukagwira ntchito ku Joni bambo ake asakufuna. Lamlungu lililonse masana ankaimba foni. A Laimoni ankaiika kukhutu, osamva kanthu, basi n'kupatsira a Mailesi osayankhula. Ethel anaganiza kuti bambo ake akadali okwiya, mpaka anasiya kufunsa za iwo. Ine mnansi wawo zinkandimvetsa chisoni, komanso madalawo ankandikwiyitsa ndi kuuma mutu kwawoko.

Tsiku lina vuvuzela inakana kulira bwino. A Laimoni anaigogoda, anasuzumiramo, kenaka anaika mbali yake yaing'ono kukhutu kuti amve ngati mwalowa kachilombo. Nthawi yomweyo a Mailesi ankadutsa kutsogolo kwawo ndi ndowa ya madzi, akung'ung'udza monga mwa masiku onse.

"Mwana akulira kutali uko, iwo ali kalikiliki ndi chidole."

"Chidole chake chiti?" anafunsa a Laimoni.

A Mailesi anatsala pang'ono kugwetsa ndowa. "Kodi mwamva?"

"Zonse. Eti ndi zimene mumandinena tsiku lililonse?"

Lamlungu foni italira, a Mailesi anaikweza mawu n'kuilowetsa kumbali yaikulu ya vuvuzela, amuna awo atagwirizira mbali inayo kukhutu. Mawu anabwera aang'ono, koma anafika.

"Amayi, mwaswera bwanji?" anatero Ethel.

"Ndi bambo ako, Ethel. Ndikukumva."

"Ababa, kodi munandikhululukira?"

"Mwanawe, mkwiyo unatha sabata yomwe unachoka ija. Makutuwa ndi amene anandithawa, ndiye ndinkachita manyazi."

Ethel analira, kenaka anawakalipira ndithu, ndipo iwo ankangoseka poti ankamva liwu lililonse. Wanena kuti akubwera mu Disembala kudzawatengera kuchipatala kuti akawaone makutuwo.

Ku bwalo a Laimoni amapitabe, vuvuzela ili m'khwapa, koma saliza. Anyamata akawanyengerera kuti alizeko kamodzi kokha, amaikumbatira n'kupukusa mutu.

"Ayi, ingasweke. Iyi tsopano ndi ya Ethel."